Kusala Kudya m'Miyezi ya Njala

Caka ciriconse Akristu ambiri amalowa m'nyengo ya Lenti pa Lacitatu la Phulusa, nayamba kudzimana kwa masiku 40 kufikira Pasaka, osawerengako masiku a Sondo. Amatero pokumbukira masiku 40 amene Yesu anakhala m'cipululu osadya kanthu.

Kuno kwathu nyengoyi imayamba mu Febuluwale kapena Malichi, pamene nkhokwe zambiri zatha ndipo cimanga cikali kumunda. M'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Petauke mabanja ena pa miyeziyi amadya kamodzi kokha pa tsiku. Kodi anthu otere angasalenso ciani?

Mpingo wa Katolika unapeputsa lamulo lake mu 1966, pa nthawi ya Papa Paul VI. Masiku okakamiza kusala kudya anatsala awiri, Lacitatu la Phulusa ndi Lacisanu Loyera, ndipo ana, odwala ndi okalamba sawerengedwa. Motero wosauka asadziyese wocimwa akadya kansima kamene wapeza.

Udindo waukulu uli pa inu amene nkhokwe zanu zikali ndi cimanga. Mukasala cakudya ca masana, ufawo usabwerere m'dengu. Pitani nawo kwa mai wamasiye amene akulera adzukulu. Bambo amene waleka mowa asasunge ndalamayo kuti adzamwere pa Pasaka, koma agulire ana mcere, sopo ndi makope a kusukulu.

Kusala kumene sikukhutitsa mnansi wanjala kumangopulumutsa thumba la mwini wake. Makolo athu anati kupatsa nkuika. Tiyeni tiike tsopano, dzinthu zisanace.