Makolo, tisamapatse ana a sukulu makiyi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yathuyi za khalidwe lomwe lafala pakati pa ife makolo, lopatsa ana a sukulu makiyi a galimoto kapena a njinga yamoto.

Ine ndimakhala ku Lunzu, m'mphepete mwa msewu wa M1. Sukulu zikatsegulira mu Seputembala, m'mawa uliwonse ndimaona anyamata a fomu 2 ndi fomu 3 atakwezana atatuatatu pa njinga yamoto, opanda zisoti, akuthamangira belu. Ena akaweruka amabwereka njinga ya kabaza kuti apezeko ndalama ya fizi. Mwana wa mlongo wanga anali mmodzi mwa iwo. Tsiku lina mvula itawaza, njinga inaterereka pakona ndipo anathyoka mwendo. Anzake akulemba mayeso, iye anali chigonere m'chipatala, mapeto ake anabwereza kalasi. Tikuthokoza Mulungu kuti ali moyo, koma ena sizinawathere choncho.

Akonzi, lamulo la pamsewu la 1997 silola munthu wosakwana zaka 18 kuyendetsa galimoto. Nanga ife makolo tikamanyadira kuti mwana wathu wa zaka 15 amatha kale chiwongolero, tikunyadira chiyani? Kudziwa kusintha magiya si kudziwa msewu ayi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi yokha. Mwana akangocheukira anzake kapena kusuzumira pa foni, ndiye kuti wadutsa mtunda wonsewo ngati wotsinzina. Komanso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda womwe galimoto imakhwekhwereka utaponda buleki umawirikiza kanayi. Tsono nthawi yopita ndi yoweruka kusukulu ndi yomwenso timakanda ta sitandade 1 timadumpha msewu.

Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la 2018 linati ngozi zapamsewu ndizo zinkatsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Awatu ndi ana athu omwe.

Choncho ndikupempha makolo anzanga kuti makiyi tizisunga tokha. Mwana akakwana zaka, timutumize kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, atenge laisensi mwachilungamo, ndipo miyezi yoyamba tiziyenda naye limodzi, osamulola kunyamula gulu la anzake kapena kuyenda usiku. Lamba ndi chisoti zisakhale zokambirana. Eni njinga za kabaza, musabwereke ana a sukulu njinga chifukwa chofuna ndalama yamadzulo. Aphunzitsi aakulu, nkhaniyi muziikamba pa asembule, ndipo muziitana apolisi apamsewu adzalankhule ndi ophunzira teremu iliyonse.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukaona mwana wa yunifolomu ali pa chiwongolero, musangoti za eni, kauzeni makolo ake lero lomwe, maliro asanatisonkhanitse.



Kholo lodandaula,
Lunzu, Blantyre.