Musasiye mnzanu wa m'banja pa fomu ya maere a viza

Abale anga othyola tiyi ku Honde Valley ndi ku Chipinge, ndinso inu ogwira ntchito za m'nyumba, pali uphungu umene umayenda m'makomboni pa nkhani ya maere a viza ya ku America, otchedwa Diversity Visa. Ena amati mulembe kuti simuli pabanja, mkazi kapena mwamuna wanu adzatsatire pambuyo. Uphungu umenewu ndi msampha.

Lamulo la maerewa limafuna kuti mulembe mnzanu wa m'banja ndi ana onse osakwatira amene sanafike zaka 21, kuphatikizapo owapeza, ngakhale sadzapita nanu. Kukhala motalikirana sikuthetsa ukwati. Ukwati wa ankhoswe nawonso ndi ukwati ndithu, pakuti lamulo la Malawi la 2015 limauvomereza.

Mukabisa, zimaululika pa tsiku la mafunso kwa kazembe. Viza imakanidwa, ndipo madola 330 amene mwalipira, thukuta la dengu la kumsana, sabwezedwa.

Munthu amene mwapirira naye umphawi wa pakomboni ayenera kulembedwa pambali panu. Wina akakulemberani fomu, werengani nokha dzina lililonse isanatumizidwe.