Mtsikana wa pa Facebook uja savota!

Inu a ku Ulongwe, Domwe ndi Tsangano, tamverani. Uja wakupemphani ubwenzi pa Facebook, wa cithunzi cokongola, ndani anamuonapo kumsika? Maakaunti ambiri otere ndi abodza: munthu mmodzi amatsegula ambirimbiri, n'kumapempha ubwenzi kwa aliyense. Facebook inaika malire a abwenzi 5.000, ndipo kuyambira 2019 WhatsApp salola kupatsira uthenga wolandira kwa anthu kapena magulu opitirira 5 nthawi imodzi. Koma bodza limadutsabe, cifukwa timalinyamula ndife ndi zala zathu!

Akalemba kuti wina adzaona amene mwamuvotera, akunama: voti ndi yacinsinsi. Akati tsiku lovota lasintha, musatumize kwa mnzanu, kafunseni ku STAE ya m'boma lanu. Ndipo khadi lanu lovotera musalijambule n'kumutumizira.