Gitala Iliyonse Ikhale ndi Lamba Wake

Pali ciphunzitso cimene cafalikira m'mabandi athu, m'makwaya ndi m'magulu a zitamando m'machalichi, kuyambira ku Lusaka mpaka ku Chipata. Ciphunzitsoco cimati lamba ndi lamba basi. Gulu lili ndi magitala atatu, koma lamba ndi mmodzi, kapena awiri ngati msungi cuma anadzuka bwino caka cimeneco. Woliza besi akatsiriza amavula lamba n'kupatsa wa rizimu. Wa rizimu akafuna kunyamula gitala ya bokosi amacotsanso lamba yemweyo n'kuyamba kulimbana naye, anthu ali cete kuyembekezera nyimbo. Ine ndikutsutsa khalidwe limeneli. Gitala iliyonse imene munthu amaliza ali ciimire iyenera kukhala ndi lamba wakewake, woyezedwa pa iyo, wosacokapo.

Amene amatsutsa zimenezi amati akusunga ndalama. Tiyeni tiwerengere limodzi. Gulu lomwelo linasonkha za masipika akuluakulu, linagula mikisa, linasoketsa yunifomu ya aliyense mpaka wogwira cingwe ca maikolofoni. Lamba wamba wa nayiloni ndi wochipa kuposa paketi imodzi ya mawaya a besi. Ndiye tikuumira pa cinthu cochipa kwambiri pa siteji yonse, pamene ndi cokhaco cimene cimagwira gitala kuti isakumane ndi simenti.

Yambani mwayang'ana nsonga za lamba. Pali kacikopa kokhala ndi bowo long'ambidwa pang'ono, ndipo bowolo limakolekedwa pa kacitsulo ka pa gitala kamene oimba amati batani. Lamba akakhala watsopano, kulowetsa batani m'bowomo ndi nkhondo, zala zimapweteka. Kulimba kumeneko ndiye citetezo cake. Nthawi iliyonse mukacotsa lamba n'kubwezeranso, bowo limatanuka pang'ono, ndipo cikopa cikatanuka sicibwerera. Lamba woyendayenda pa magitala atatu Sabata iliyonse amafika poti amalowa mosavuta, mwini n'kumakondwa kuti wafewa. Colowa mosavuta cimatulukanso mosavuta. Makolo anati nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka, ndipo lamba wobwerekana amaguluka pamene woimba wakweza manja onse awiri kuti awombetse anthu m'manja.

Nanga gitala ikagwa cimacitika n'ciani? Zimadalira mtundu wake. Ya mtundu wa Stratocaster, imene khosi lake ndi lomangidwa ndi masikuluwu, nthawi zambiri imapulumuka ndi cipsera ca penti. Ya mtundu wa Gibson ndi nkhani ina. Mutu wake unapendekera kumbuyo, ndipo pamene mutu ukumana ndi khosi thabwa ndi lopyapyala, mkati mwake munagobedwanso njira ya citsulo cowongolera khosi. Mawaya nawo amakhala akukoka usana ndi usiku. Gitala yotere ikagunda pansi ndi mutu, imathyokera pamenepo, ndipo okonza magitala pa dziko lonse amalidziwa bala limeneli. Gitala ya bokosi, imene thabwa lake la pamwamba ndi la mamilimita ocepa cabe, imang'aluka. Tsopano dzifunseni kuti m'tauni yanu muli amisiri angati odziwa kulumikiza khosi lothyoka kuti gitala ilirenso bwino. Ambiri a ife tili ndi Squier, Epiphone, Yamaha kapena yopanda dzina yocokera ku China, yogulidwa ndi ndalama zosonkha miyezi yambiri kapena yotumizidwa ndi wacibale wa kunja. Ikafa, yafa, ndipo woimba amakhala caka akuliza ya m'maganizo.

Ngakhale gitala isagwe, pali nkhani ya utali. Dzanja la woimba limaphunzira malo. Munthu amene wakhala maola ambiri akuphunzira ali pa mpando, zala zake zinazolowera kuti khosi la gitala lili apa, mawaya ali apa. Aphunzitsi ambiri amalangiza kuti lamba ayezedwe moti gitala ikhale pa malo amodzimodzi munthu akakhala pansi ndi akaimirira. Koma utali umene umapereka malo amenewo umasiyana pa gitala iliyonse, cifukwa mabatani sali pa malo ofanana ndipo matupi a magitala ndi osiyana kukula. Lamba woyezedwa pa besi akapita pa gitala ya bokosi, imene thupi lake ndi lonenepa, zonse zimasokonekera. Woimba amayamba kupinda dzanja mopitirira kuti afikire manotsi amene dzulo anali kuwafikira ali m'tulo. Akalakwitsa, mtsogoleri wa bandi amamuyang'ana ndi diso lofiira kuti sanakonzekere, pamene vuto ndi masentimita asanu a lamba. Ndipo ndani angayeze lamba bwinobwino pakati pa nyimbo ziwiri, woliza ng'oma atayamba kale kuwerenga?

Kenaka tibwere pa phewa, limene palibe komiti imene inalikambirapo. Gitala ya bokosi imalemera pafupifupi makilogalamu 2. Stratocaster ili ca m'ma 3.5. Les Paul imafika 4 kapena 4.5, ndipo zina za m'ma 1970 zinali kupitirira pamenepo. Besi nayo imayambira ca pa 4, ya mawaya asanu kawirikawiri imalemera kuposapo. Katundu yenseyo amalendewera pa phewa limodzi, pafupi ndi khosi. Lamba wamba ndi wa masentimita 5 m'lifupi, ndipo pa gitala yopepuka ndi wokwanira. Pa besi pafunika wa masentimita 7 mpaka 10, makamaka wokhala ndi cofewa mkati, kuti kulemera kumwazike pa malo aakulu. Amene anamangapo mtolo wa nkhuni ndi luzi lopyapyala n'kuukoleka pa phewa sangafune kufotokozeredwa zambiri. Mnyamata wa besi amene amaima pa mapemphero a usiku wonse, kapena pa ukwati kuyambira masana mpaka pakati pa usiku, ali ndi lamba woonda wolandira kwa mnzake wa rizimu, akulipira ndi thupi lake ndalama zimene gulu linakana kutulutsa. Iye sadandaula cifukwa akali mwana. Msana udzadandaula m'malo mwake akadzakula.

Ndiponso magitala salendewera mofanana. Pa Stratocaster, imene Fender anatulutsa mu 1954, nyanga ya pamwamba inatalikitsidwa mpaka kufika ca pa fureti ya 12, ndipo batani lili pa nsonga ya nyangayo. N'cifukwa cake gitalayo imakhazikika yokha ngakhale mutaisiya osaigwira. Pa Gibson SG, ya mu 1961, thupi ndi lopepuka ndipo batani lili kumbuyo, pa tsinde la khosi. Mukangocotsa dzanja, mutu umaweramira pansi ngati nkhuku yodwala citopa. Gitala yotere imafuna lamba wa cikopa cokhakhala mkati, wogwira malaya. Mukaipatsa wa nayiloni woterera, dzanja lamanzere limagwira nchito ziwiri, kuliza ndi kunyamula khosi. Koma lamba woterera yemweyo ndi wabwino kwa woimba wovina amene amafuna kuti gitala yokhazikika izimutsata momasuka. Magitala a bokosi ambiri ali ndi batani limodzi lokha kumunsi, ndipo mbali inayo lamba amamangidwa ndi kacingwe ku mutu. Ena okhala ndi magetsi, batani la kumunsi ndi lomwe lilinso polowetsa cingwe ca ampulifaya, ndipo ndi lonenepa kuposa mabatani wamba. Mukakakamiza lamba kulowa pamenepo, bowo lakula, ndipo pa gitala ina iliyonse lambayo sadzagwiranso. Kodi lamba mmodzi angakwanitse bwanji nchito zonsezi?

Wina wodziwa zinthu adzati pali maloko. N'zoona, makampani monga Schaller ndi Dunlop amapanga maloko a zigawo ziwiri, cina pa gitala cina pa lamba, ndipo munthu angaike mabatani a mtundu umodzi pa magitala ake onse n'kumasamutsa lamba popanda kuwononga bowo. Zimenezo zathetsa vuto limodzi mwa anayi. Utali ukali wolakwika, m'lifupi mukali molakwika, kuterera kukali komweko. Maloko a Schaller sagwirizananso ndi a Dunlop, moti tsiku lobwereka gitala ya mnzanu mwagwira mphepo. Ndipo ndalama zogulira mabatani a maloko pa magitala atatu zikanagula malamba wamba.

Wina adzati kulankhula n'kosavuta, ndalama n'zovuta. Apa ndiye pamene ndimadabwa kwambiri, cifukwa pa zinthu zonse za gitala, lamba ndi cimene tingathe kupanga tokha. Mapikapu sitingapange, mawaya abwino sitingapange, koma lamba ndi cikopa, nsalu yolimba ndi ulusi. Osoka nsapato ali pa msika uliwonse, ku Soweto, ku Kamwala, ku Chisokone. Munthu amene amasoka soli ya jombo angalephere kudula nsonga ziwiri za cikopa cokhuthala n'kuboola bowo lothina? Lamba wa pa mpando wa galimoto yakufa ndi wa m'lifupi pafupifupi masentimita 5 ndipo anapangidwa kuti agwire munthu wamkulu pa ngozi. Malamba a cikopa a mu salaula alipo milu. Telala angakute lamba ndi citenje n'kuikamo siponji pa phewa. Cofunika n'kupita ndi gitalayo kwa mmisiri kuti ayeze batani lenileni, ndi kumuuza kuti asoke kawiri pamene cikopa cikumana ndi nsalu. Pofuna citetezo coonjezera, kamphira kozungulira, kokhala ngati ka mu mpopi wa madzi, mukakaveka pa batani pamwamba pa lamba kamagwira nchito ya loko. Batani likayamba kugwedera, cotsani sikuluwu, ikani timitengo ta macisi ndi guluu wa matabwa m'bowomo, n'kumanganso. Palibe ciliconse apa cofuna madola.

Pa cifukwa comweco sindigwirizana ndi gulu lina, la onyada, amene ali ndi lamba mmodzi wodula wolembedwa dzina la kampani ya ku America, n'kumamusamutsa pa gitala iliyonse kuti dzinalo lioneke pa vidiyo. Awa ndi oumira aja ndi amodzi, kusiyana kwake n'kwakuti awa anawononga ndalama zambiri kuti alakwitse cinthu comweco.

Dziko lino linabala oimba amene gitala sanali kuigwira ngati dzira. Paul Ngozi anali kuiliza ndi mano. Jagari Chanda ndi anzake a WITCH sanali kuima ngati mitengo pa siteji. Nyimbo za Zamrock ndi za kalindula ndi nyimbo za thupi lonse, ndipo munthu sangavine ndi mtima wonse pamene theka la maganizo ake lili pa batani. Woimba wokayikira lamba wake mumamuzindikira ali patali: cigongono wapanikizira gitala ku nthiti, mapazi sasuntha, nkhope ili ngati ya munthu woyenda pa ulalo wa mtengo umodzi. Omvera amamva mantha amenewo ngakhale sadziwa kumene acokera.

Pali amene nkhaniyi siiwakhudza. Woliza gitala ya kilasiko amakhala pa mpando, ndipo gitala yake nthawi zambiri ilibe n'komwe batani. Besi yakale ya kalindula, ya mawaya ocepa ija, imagona pansi mwini n'kukhalapo. Amene amaliza pa khonde madzulo, gitala ili pa nchafu, asadzivute. Koma ena nonse amene mumaimirira pamaso pa anthu, mlandu ndi wanu.

Kwa inu a komiti: polemba mndandanda wa katundu wa gulu, gitala yopanda lamba wake muziiwerenga kuti ndi yosakwanira, monga mmene mungawerengere njinga yopanda mabuleki. Kwa inu ogulitsa: musalole mwana wa sukulu kutuluka m'sitolo ndi gitala yake yoyamba osamufunsa kuti adzaikoleka ndi ciani. Ndipo kwa inu oimba anzanga: werengani magitala anu, werenganinso malamba. Ngati manambala awiriwo sakufanana, wosoka nsapato amatsegula Lolemba m'mawa.