Hutala ikalira kasanu ndi kawiri, foni siidziwa masitepe

Mu Julayi 2020, sitima zapamadzi zonyamula anthu okasangalala zili zoimikidwa chifukwa cha Covid-19, kampani ya Royal Caribbean idalengeza nzeru yatsopano imene idaitcha Muster 2.0. Kale, sitima isananyamuke padoko, okwera onse ankasonkhanitsidwa nthawi imodzi, aliyense pamalo amene ayenera kuthamangirako tsiku la ngozi. Bala ankatseka, nyimbo ankazimitsa, hutala inkalira, anthu zikwizikwi n'kutsika masitepe kukaima kumva malangizo. Tsopano akuti zimenezo n'zachikale. Umaonera kavidiyo pafoni kapena pa TV ya m'chipinda chako, kenako nthawi imene wafuna wekha umadutsa pamalo ako aja, wantchito n'kuwerenga khadi lako pakamakina, basi zatha. Sitima ikatsala pang'ono kunyamuka kaputeni amalankhula mawu ochepa n'kuliza hutala kuti mumve kaliridwe kake, inu muli ndi tambula m'manja. Makampani ena akuluakulu adatengera zomwezi, ndipo mliri utatha ambiri sadabwererenso ku njira yakale.

Ine ndikuti uku n'kubera anthu chinthu chimene chidagulidwa ndi maliro. Ndipo chimandiwawa kwambiri n'choti okwerawo ndiye akuombera m'manja.

Tiyambe ndi malirowo. Madzulo a pa 13 Januwale 2012, Costa Concordia idanyamuka ku Civitavecchia ku Italy ili ndi anthu opitirira 4,200. Cha m'ma 9:45 usiku idagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio, chifukwa kaputeni Francesco Schettino adaipatutsa kuti idutse kufupi ndi gombe. Mwalawo udang'amba m'mbali mwa sitima mamita ngati 50. Mwa okwerawo, pafupifupi 700 adali atangokwera tsiku lomwelo ndipo adali asanayeserere n'komwe zochita pa ngozi. Kampani sidaphwanye lamulo pamenepo ayi: nthawi imeneyo lamulo linkalola kuti kuyesererako kuchitike mkati mwa maola 24, ndiye adakuika mawa lake. Tsoka silinunkha. Magetsi atazima, anthu adauzidwa kuti ndi vuto la magetsi chabe, ena mpaka kuuzidwa kuti abwerere kuzipinda zawo. Lamulo loti atuluke m'sitima lidabwera patadutsa ola lathunthu, sitima itayamba kale kupendama. Anthu 32 adafa. Schettino adatuluka okwera akadali m'kati, ndipo mu 2015 khoti lidamulamula kukakhala kundende zaka 16.

Patangopita milungu yochepa, makampani eni akewo adagwirizana kuti kuyeserera kuzichitika sitima isananyamuke. Kenako bungwe la International Maritime Organization, limene lili ku London, lidasintha pangano la SOLAS, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2015 okwera atsopano ayenera kusonkhanitsidwa sitima isanachoke padoko kapena ikangochoka kumene. Lamulo limeneli lidakhala zaka zisanu zokha lisanayambe kufewetsedwa. Zisanu! Mwana wobadwa chaka chimene lidayamba kugwira ntchito adali asanalowe n'komwe Sitandade 1.

Ndikudziwa zimene oikira kumbuyo njira yatsopanoyi amanena, ndipo sizopusa. Amati kuyeserera kwakale kudali chipwirikiti chokhachokha: anthu kuima padzuwa theka la ola kudikira ochedwa, agogo kukomoka, ana kulira, amene ali kumbuyo osamva kanthu, ena ataledzera kale. Amati kavidiyo umaonera m'chinenero chako, ukhoza kukabwereza, ndipo ukafika pamalo ako wantchito amalankhula nanu anthu asanu kapena khumi, osati mazana atatu. Za kuima padzuwazo ndikuvomera, ngakhale mankhwala ake adapezeka kale: sitima zambiri zidasamutsira malo osonkhanira m'maholo ndi m'malo odyera, momwe anthu amakhala pampando. Koma mfundo yawo yaikulu, yoti vidiyo imaphunzitsa bwino, ikuyankha funso limene palibe adafunsa. Uthenga wa m'kuyesereraku ndi wochepa zedi. Hutala ikalira mwachidule kasanu ndi kawiri kenako kamodzi motalika, pita pamalo ako, usakwere chikepe, jekete yoyandamitsa imavalidwa chonchi. Zimenezi zikhoza kukwana pa kapepala ka m'thumba. Chikhala kuti nkhani n'kumva mawuwa basi, bwenzi akungotumiza pa WhatsApp.

Chimene kuyeserera kwenikweni kumachita ndi china. Kumaika thupi lako m'khamu. Umaona ndi maso ako kuti anthu zikwi zinayi akatuluka m'zipinda nthawi imodzi masitepe amadzaza bwanji, kuti pakona ina mzere umaima, kuti bambo wa pa njinga ya olumala afunika anthu omunyamula, kuti mwana wako amene ali kumalo osewerera sudzathamangira kukamufuna chifukwa antchito ndiwo adzam'bweretse pamalo olembedwa pa kachibangili kake. Munthu amene wadutsa pamalo ake yekha masana, makolido ali mbee, waphunzira njira ya sitima yopanda anthu. Sitima imeneyo tsiku la ngozi kulibe.

Ndiye pali antchito, amene m'nkhaniyi satchulidwa kawirikawiri. Amene amakuimitsa pamasitepe n'kukulozera njira si woyendetsa sitima wophunzira za panyanja ayi. Ndi woperekera zakudya, woyala mabedi, wovina, wojambula zithunzi, anyamata ndi atsikana a ku Philippines, India, Indonesia, South Africa, Zimbabwe ndi kwina, aliyense ndi Chingelezi chake. N'zoona kuti pa sitima zonyamula anthu antchito amayeserera sabata iliyonse. Koma amayeserera okhaokha, nthawi zambiri sitima ili padoko alendo atapita kukaona malo. Mpata wokhawo umene mtsikana wa m'lesitilanti ankakumana ndi khamu lenileni, losamva, lokwiya, lofunsa mafunso m'zinenero zisanu, n'kuphunzira kulikweza mawu ndi kuliwerenga, udali tsiku lonyamuka. Mpatawo auchotsa. Timu imene imachita masewera oyeserera popanda otsutsana nayo, eti mungaikhulupirire pa fainolo?

Wina anena kuti bola pa sitima pali kaputeni ndi akuluakulu ake, iwo ndiye adzatiuza zochita. Pitani mukafunse amene adali pa Oceanos. Sitima ya Agiriki imeneyi idanyamuka ku East London kulowera ku Durban mu Ogasiti 1991, n'kuyamba kulowa madzi m'namondwe pafupi ndi Coffee Bay. Antchito ambiri adathawa osachenjeza okwera. Kaputeni Yiannis Avranas adachoka anthu akadali m'sitima. Amene adakwera kuchipinda choyendetsera n'kuitana chithandizo pa wailesi adali Moss Hills, woimba gitala wobadwira ku Zimbabwe, ndipo iye ndi anzake osangalatsa alendo ndiwo adakonza mizere yokwezera anthu m'maboti ndi m'mahelikopita a asilikali a South Africa. Anthu onse 571 adapulumuka pa 4 Ogasiti, koma palibe munthu wanzeru angalembe dongosolo lodalira kuti paulendo uliwonse padzakhala woimba gitala wolimba mtima. Oceanos ndi Concordia zimasiyana zaka makumi awiri, koma zikunena chimodzi: mawu a pa sipika akhoza kuchedwa, akhoza kunama, akhozanso osamveka n'komwe. Chimene chimatsala ndi chimene miyendo yako ikudziwa.

Za Titanic sindichedwapo, aliyense adaonera filimu. Ndingotchula kuti usiku wa mu Epulo 1912 uja, boti lina lokwana anthu 40 lidatsitsidwa lili ndi 12 okha, pamene maboti onse 20 adali osakwanira kale. Pangano loyamba la SOLAS la 1914 lidabadwa ndi maliro amenewo. Malamulo a panyanja amabwera choncho, m'mbuyo mwa mitembo.

Nanga n'chifukwa chiyani makampani adakonda njira ya pafoniyi mpaka kuisunga mliri utatha? Iwo eni adanena poyera poilengeza kuti alendo azikhala ndi nthawi yochuluka yosangalala popanda chowasokoneza. Ine ndimawerenga chiganizo chimenecho chonchi: bala asatsekedwe. Ola limene anthu zikwi zisanu aima pamzere ndi ola limene palibe akugula chakumwa. Koma ndikukayikiranso china choposa ndalama za mowa. Kuyeserera kwakale kunkakumbutsa munthu, tsiku loyamba lenileni la tchuthi chake, kuti hotela imene wakwerayi ili pamadzi ndipo ikhoza kumira. Malonda onse a sitimazi amalimbana ndi ganizo limenelo. Amakuonetsa maiwe osambiramo, masitolo, mitengo yeniyeni yobzalidwa pakati pa sitima, chilichonse choti uiwale nyanja. Hutala ija ndi jekete ya olenji ija zinkaononga chithunzi. Ndipo amene amavomereza njira zoterezi ndi maiko amene sitimazo zidalembetsedwa, monga Bahamas, Panama ndi Malta, amene amapeza ndalama ndi kulembetsa komweko. Sindikunena kuti adagulidwa. Ndikungoti woyang'anira amene kasitomala wake akhoza kusamukira kwa mnzake mawa salankhula mokweza.

Pamene kuyeserera kukuchepa, sitima zikukula. Icon of the Seas, imene idayamba maulendo mu Januwale 2024, ikhoza kunyamula alendo 7,600, kuphatikizapo antchito opitirira 2,300. Ndi tauni imeneyo, pafupifupi anthu 10,000. Lamulo limati anthu akasonkhana ndipo chizindikiro chotuluka chikaperekedwa, maboti onse akhale atatsitsidwa m'mphindi 30. Pa Concordia, yonyamula osakwana theka la anthu amenewa, kutulutsa anthu kudatenga maola opitirira asanu ndi limodzi, ndipo itapendama kwambiri maboti a mbali imodzi adavuta kutsitsa, anthu n'kumadutsa m'kati mwa sitima mumdima kufuna mbali inayo. Mphindi 30 zija zimawerengedwa anthu atasonkhana kale. Kusonkhanako kumatenga nthawi yaitali bwanji ndi anthu enieni 7,600, theka lawo ali mtulo, ena ataledzera? Njira yokhayo yoyesera yankho paulendo uliwonse ndi imene aithetsayi.

Sindikupempha kuti vidiyo ichotsedwe. Ikhalepo, m'zinenero zonse, munthu aionere ali kunyumba ngati akufuna. Koma pambuyo pake hutala ilire, bala atseke, zikepe ziime, anthu onse atsike masitepe nthawi imodzi, awerengedwe, ndipo nthawi imene zatenga ilembedwe pamene woyendera angaione. A IMO alembe zimenezi m'mawu osapindika, poti mawu oti kusonkhanitsa okwera awatanthauzira kale mpaka kufika pa kudutsa mmodzimmodzi ndi khadi.

Kufikira atatero, inu achimwene ndi achemwali a ku Joni amene mwasunga ndalama kuti mukakwere ku Durban ulendo wa kuzilumba za Mozambique, mukangoika chikwama m'chipinda, werengani mapu ali kuseri kwa chitseko. Yendani wapansi kuchoka pachitsekopo kukafika pamalo anu, pa masitepe, osati pachikepe. Werengani zitseko zimene mwadutsa musanafike pa masitepewo, chifukwa mu utsi manambala saoneka. Mukafika, bwererani, mukapeze njira yachiwiri ya mbali inayo ya sitima, ndipo ana ayende nanu maulendo onse awiri.