M'nyengo Yozizira, Chepetsani Chakudya cha Nsomba

Alimi anzanga, ambiri a ife timadyetsa nsomba mofanana chaka chonse, poganiza kuti zikadya zambiri zikula msanga. Ine ndikuti uku n'kutaya ndalama. Mu June ndi July kuno ku Kafue madzi a m'dziwe amazizira, ndipo kutentha kwake kukatsika pansi pa madigiri 20, nsomba za bream sizidya kwenikweni. Gaga kapena mapeleti otsala amamira, amawola, n'kumaliza mpweya wa m'madzi. M'bandakucha mupeza nsomba zikupumira pamwamba, zina zitafa. Choncho muzidyetsa masana, dzuwa litatentha, pang'onopang'ono, maso ali pamadzi. Chakudya chikatsala pakatha mphindi 15, mawa muchepetse. Thumba lomwe mwasungalo lidzagwira ntchito mu September, madzi akafunda.