A John Tembo ndi Makina Osindikizira Nyuzi

Pa 27 Seputembala 2023 kunamveka uthenga wa maliro a Bambo John Zenus Ungapake Tembo, amene anatisiya ali ndi zaka 91, ndipo anakagonekedwa kwao ku Dedza. Ambiri amawakumbukira monga nduna ya za chuma, Bwanamkubwa wa Banki ya Reserve ndiponso mtsogoleri wa chipani cha Kongeresi. Koma ulipo mpando wina umene sutchulidwa kawirikawiri. M'zaka zotsiriza za ulamuliro wa Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, a Tembo anali wapampando wa kampani ya Blantyre Printing and Publishing, imene inali kusindikiza Daily Times ndi Malawi News. Wofuna kudziwa kukula kwa mphamvu zao, ndi pamene mphamvuzo zinalekezera, ayenera kuyang'ana mpando umenewu.

A Tembo anabadwa pa 14 Seputembala 1932 m'boma la Dedza, ndipo atate ao anali mbusa. Atatsiriza maphunziro ku Roma m'dziko la Basutoland, limene lero ndi Lesotho, anagwira ntchito ya uphunzitsi kufikira pamene analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1961. Pa mkangano wa nduna wa 1964, pamene a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Masauko Chipembere ndi anzao anasiyana ndi Ngwazi, a Tembo sanasunthe. Kukhulupirika kumeneku kunawatsegulira makomo. Anayendetsa Banki ya Reserve kuyambira 1971 kufikira 1984, anakhala wapampando wa Khonsolo ya Yunivesite ya Malawi ndi wa makampani ena ambiri, ndiponso anali malume a Mayi Cecilia Kadzamira.

Nyuzi ziwiri zija zinachokera kosiyana. Malawi News anaiyambitsa ndi a Aleke Banda mu 1959, ali mnyamata wa zaka 20, kuti ikhale pakamwa pa Kongeresi pa nthawi imene atsogoleri anali m'ndende za atsamunda. Times inali nyuzi ya Azungu, ndipo mizu yake ili mu 1895. Inalowa m'manja mwa Ngwazi mu 1972 niyamba kutuluka tsiku ndi tsiku mu 1973. Motero nyuzi imene inamenyera ufulu ndi nyuzi imene inali ya atsamunda zinagona m'nyumba imodzi. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC. Wailesi ya kanema inadza mu 1999. Ndipo lamulo la 1968 linapatsa boma mphamvu yoletsa buku kapena magazini ali yense. Magazini a Moni a ku Limbe ndi nyuzi ya Odini ya ku Likuni, zonse za Akatolika, zinali kuyenda mosamala pa nkhani za ndale.

M'nyumba yotere wapampando safunika kugwira cholembera. Mkonzi amadziwa yekha nkhani imene ingam'chotsetse ntchito kapena kum'gonetsa ku Mikuyu, ndipo amaisiya asanauzidwe. Choncho mphamvu yeniyeni ya nyuzi zimenezi inali pa zimene sizinalembedwe.

Umboni woopsa wa zimenezi ndi wa mu Meyi 1983, pamene nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anafa ku Mwanza. Nyuzi ndi wailesi zinabwereza mau a boma akuti anafa pa ngozi ya galimoto, ndipo panalibe mtolankhani wa m'dziko muno amene akanatha kufunsa funso poyera. Koma mlandu suola. Bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anthu anayiwo anaphedwa ndi apolisi. Ngwazi ndi a Tembo anazengedwa mlandu, ndipo mu Disembala 1995 Bwalo Lalikulu linawapeza osalakwa. Komabe anthu anali atadziwa kale kuti zimene anawerenga mu 1983 sizinali zoona, ndipo munthu akanamizidwa pa maliro sakhulupiriranso msanga.

Zotsatira zake zinaoneka mu 1992, chaka chimene a Tembo anakhala nduna mu ofesi ya Pulezidenti. Pa 8 Malichi, m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula umphawi, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Mmodzi mwa amene anaisaina anali Ambuye Gervazio Chisendera a ku Dedza komweko. Kalatayo inasindikizidwa ku Balaka pa makina a ansembe a Montfort. Malawi News inayankha ndi ndemanga yaukali yakuti maepiskopiwo asachitiridwe chifundo, boma linaletsa kalatayo, ndipo nyumba ya makina a ku Balaka inaponyedwa moto. Koma anthu anapitiriza kupatsirana makalata mobisa, kuwachulukitsa pa fotokope ndi kutchera khutu ku BBC. Nyuzi zazikulu zinali ndi makina, mapepala ndi magalimoto, koma mau ake anali atatha mchere.

Kuchokera apo mpanda unagumuka. Mu Januwale 1993 mtolankhani Felix Mponda anamangidwa pobwera kuchokera ku Lusaka ndi nyuzi yatsopano ya New Express, koma zina zinatulukabe. Pa 14 Juni 1993 anthu 63 pa 100 ali onse anavomera zipani zambiri, ngakhale Chigawo cha Pakati chinakondabe chipani chimodzi. Mwezi wotsatira a Aleke Banda, amene anakhala m'ndende kuyambira 1980 kufikira 1992, anayambitsa The Nation.

Zaka zotsatira zinaonetsa a Tembo mbali ina ya khoma. Pa zisankho za 2004 ndi 2009 anapikisana pa mpando wa Pulezidenti ndipo kawiri konse anatsatira a Bingu wa Mutharika, pamene oyang'anira zisankho anadandaula kuti MBC inali kukondera chipani cholamula. Chida chimene chinasulidwa m'masiku a chipani chimodzi chinatembenukira amene anachidziwa bwino koposa. Chimene anakhala nacho kufikira 2014 ndi mpando wa uphungu wa kummwera kwa Dedza, umene anawapatsa ndi anthu owadziwa maso ndi maso.

Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Boma la Kongeresi linasandutsa nyuzi zake kalilole wodziyang'anira lokha, kotero kuti silinamve kung'ung'udza kwa anthu kufikira pamene ansembe anakuwerenga pa guwa. Atsogoleri a lero amene amayesedwa kugula akonzi, kumana nyuzi malonda a boma kapena kuopseza atolankhani, angachite bwino kukumbukira kuti amene anagwira makina onse m'dziko muno anagonjabe pa chisankho cha 1994.